Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ndalama za Mtukula Pakhomo ndi mlimi wosauka wa ku Mulanje

 Mafumu athu olemekezeka, akuluakulu ochokera ku ofesi ya Bwanamkubwa, makhansala, alangizi a zaulimi, abusa ndi mashehe, aphunzitsi, mamembala a makomiti a chitukuko m'midzi, amayi ndi abambo nonse, ndakupatsani moni. Ndikuthokoza kuti mwasiya makasu ndi ntchito zanu kudzakhala pansi pano. Ena mwalawira m'bandakucha kuchokera kwa Mabuka, kwa Njema, kwa Juma, kwa Nkanda, kwa Chikumbu ndi kwa Nthiramanja, choncho ndiyesetsa kuti ulendo wanuwo usapite pachabe.

Nkhani yanga lero ndi ya ndalama zimene boma kapena bungwe limaika m'manja mwa banja losauka n'kunena kuti, "Tengani, inu ndi amene mukudziwa chosowa pakhomo panu." Si ngongole, si malipiro a ntchito yolambula msewu, ndipo wolandira salamulidwa chogula. Kuno timazidziwa ndi dzina lakuti Mtukula Pakhomo. Nkhaniyi imautsa mapiri pachigwa. M'maofesi anthu ophunzira amati ndalama za ulele zimalemaza anthu. M'midzi ena amati, "Awo akudya za boma, ife tikuvutika ndi khasu." Ine ndaima pano kunena poyera kuti kupatsa wosauka ndalama m'manja, popanda kumumangira malamulo, ndi imodzi mwa nzeru zabwino kwambiri zimene dziko lino layesapo polimbana ndi umphawi wa kumudzi, ndipo ndipereka zifukwa zanga.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, kumene umphawi wa mlimi wa kuno umachokera. Yachiwiri, zimene ndalama imachita ikafika pakhomo. Yachitatu, chifukwa chake wolandira sayenera kuikiridwa malamulo, ndipo pamenepo ndiyankhanso za mowa ndi ulesi. Yachinayi, pamene ndalamayi imalephera. Mu zonsezi mundimva ndikubwereza mawu amodzi: mlimi wosauka wa ku Mulanje sasowa nzeru, amasowa ndalama pa tsiku loyenera.

Mfundo yoyamba. Tiyambe ndi nthaka.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Mulanje lili ndi anthu oposa 680,000. Tsono yang'anani kunjaku. M'bomali mwakhala phiri ndi nkhalango yake yotetezedwa, kumene khasu sililoledwa. M'tsinde mwa phirimo, kumene mvula siivuta, muli tiyi. Tiyi anayamba kudzalidwa kuno mu 1891 ku Lauderdale, ndipo kuchokera nthawi imeneyo malo abwino ambiri anapita m'manja mwa maesiteti. Makolo a ambiri a ife anawoloka Ruo ndi Muloza kuchokera ku Mozambique, nakhala pa malo a azungu pansi pa thangata. Kuti ukhale pamalopo unkagwira ntchito ya mwini malo m'dzinja, miyezi yomweyo imene munda wako ukulira khasu. Thangata linathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma nthaka sinakule. Malo otsalawo amayi anagawira ana awo aakazi, iwonso anagawira ana awo, monga mwa mwambo wathu wa chikamwini, mpaka lero mabanja ambiri akudalira kamunda ka ekala imodzi kapena kuchepera apo.

Tiyeni tilowe pa khomo limodzi, la mtundu umene mfumu iliyonse pano ikuudziwa. Pali agogo aakazi. Mwana wawo anamwalira, mkamwini anapita ku South Africa ndipo sanamvekenso, iwo anatsala ndi adzukulu anayi. Chimanga chimene anakolola mu Epulo chinatha mu Ogasiti. Nandolo anagulitsa atangothyola, pa mtengo umene venda ananena, chifukwa mwana anadwala malungo. Makaka awafikitsa mu Novembala. Mvula yagwa, adzala mbewu yobwereza imene anapempha kwa mnansi. Disembala akutha, udzu wamera, chimanga chafika m'mawondo ndipo chikufuna kupalira, koma m'nyumba mulibe ngakhale ufa wa phala. Kodi agogowa achite chiyani? Atenga khasu m'mamawa, adutsa pamunda pawo osaima, apita kukapalira munda wa munthu wina. Ndime imene adulidwa ndi ya tsiku lonse. Madzulo abwera ndi kambale ka chimanga, mwina madeya. Ana adya, agona. Mawa chimodzimodzi. Mdzukulu wamkulu, wa Sitandade 6, wasiya kaye sukulu kuti ndime izitha msanga. Anyamata a pamudzipo ena awoloka malire kukagwira maganyu ku Milange, ena akwera m'phiri kukaotcha makala. Pofika tsiku loti agogo alowe m'munda mwawo papita masabata atatu, chimanga chachita chikasu, udzu wachitsamwitsa. Chaka chamawa chakudya chidzatha mu Julayi, osati mu Ogasiti.

Ndiye pamabwera katapila: watenga K10,000, pakutha pa mwezi ubweze K15,000 kapena kuposerapo. Katapila akakula, chotsatira ndi kubwereketsa mundawo kwa munthu wa ndalama, kenako mwini munda n'kukhala waganyu m'munda mwake momwe. Mafumu, milandu yotereyi imafika pa mabwalo anu, simukufunika kuuzidwa.

Onani bwino pamenepa. Thangata linkalanda makolo athu masiku a dzinja, ndipo lero njala ikulanda adzukulu awo masiku omwewo kudzera m'maganyu. Agogo aja sakusowa mlangizi wowauza kuti chimanga chimafuna kupalira msanga. Anayamba kulima ambiri a ife tisanabadwe. Chimene akusowa ndi chakudya cha masabata atatu aja, kuti khasu lawo ligwere m'munda mwawo. Mlimi wosauka wa ku Mulanje sasowa nzeru, amasowa ndalama pa tsiku loyenera.

Mfundo yachiwiri, imene ndikhalitsepo pang'ono: ndalama ikafika pa khomo lotere imachita chiyani?

Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, boma likugwira ntchito limodzi ndi UNICEF, anzathu a ku Kalomo ku Zambia atayamba kale kuyesa njira yofanana nayo. Pa nthawiyo munthu wokhala yekha ankalandira K600 pa mwezi, banja la anthu anayi kapena kuposerapo K1,800, ndipo pamwamba pake ankaonjezera K200 pa mwana wa ku pulayimale ndi K400 pa mwana wa ku sekondale. Pofika 2018 ndondomekoyi inali itafika m'maboma onse 28, ndipo mabanja olandira anafika pafupifupi 300,000. Kuno ku Mulanje, kwa zaka zambiri thumba lake lakhala likuchokera ku European Union. Olandira ndi mabanja ovutikitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kapena alipo koma akusenza yekha anthu oposa atatu. Palibe amene amafunsidwa lisiti. Ngakhale kandalama ka ana asukulu kaja n'kolimbikitsa chabe. Banja sililandidwa chifukwa mwana wajomba.

Amene munaimapo pa bwalo la sukulu tsiku lolandira mukudziwa zimene zimachitika. Dzuwa lisanakwere msika wabadwa kale kunja kwa mpanda. Wa usipa wayala, wa sopo ndi mchere wayala, mnyamata wamanga nkhuku miyendo n'kuzipachika pa njinga. Tsono yang'anani agogo aja akalandira. Sathamangira kugula. Amapita pambali, pansi pa mtengo, n'kuwerenga ndalamazo kawiri, kenako n'kuzigawa timilu pa chitenje: aka ka chimanga ndi chigayo, aka kobweza kwa mayi wa pa golosale amene anawakongoza sopo, aka ka yunifolomu, aka ka sheya ku banki mkhonde. Kotsalako amamanga pa nsonga ya chitenje, ka tsiku la matenda. Masiku ano m'madera ambiri ndalama zikubwera pa foni kapena kudzera ku banki, koma kawerengedwe ka agogo sikanasinthe. Munthu wotere sakufunika kuphunzitsidwa bajeti.

Zimene maso athu amaona, akafukufuku anaziyeza. Ku Mchinji, mu 2007 ndi 2008, anayeza ndi a Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research a ku Zomba. Kenako kuyambira 2013 mpaka 2015, ku Salima ndi ku Mangochi, a Centre for Social Research omwewo ndi a University of North Carolina anatsatira mabanja masauzande, ena olandira, ena odikira, n'kumawayerekeza. Anapeza kuti mabanja olandira ankadya bwino kuposa anzawo ndipo nkhawa ya chakudya inachepa. Ana ambiri anali pasukulu, ndi nsapato kuphazi komanso chofunda usiku. Nkhuku ndi mbuzi zinachuluka, makasu ndi zikwakwa zinagulidwa, zokolola zinakwera. Koma chimene ndikufuna mugwire ndi manja awiri ndi ichi: maganyu anachepa, ntchito ya m'munda mwawo inachuluka. Ndalamayo inawaombolera masiku a dzinja aja.

Atawerengera zonse, akafukufukuwo anapeza kuti pa K100 iliyonse imene banja linalandira, chuma cha pakhomopo chinakwera ndi pafupifupi K170. Ndalama siibereka yokha ili m'chitenje. K70 yoonjezerayo ndi thukuta la eni ake, thukuta limene kale linkathera m'minda ya ena.

Za mbuzi ndinenepo, chifukwa anthu a m'tauni amaseka akamva kuti chitukuko ndi mbuzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo: nkhuku ziwiri zimaswa, zikachuluka amagulitsa n'kuphatikiza ndi ndalama yogawana ku banki mkhonde, mbuzi yalowa m'khola. Mbuzi ikakhala m'khola, mwana akasankhidwa kupita ku sekondale pali chogulitsa. Munthu akadwala usiku pali cholipira wa kabaza kuti amufikitse ku chipatala cha boma kapena cha ku Mishoni. Manyowa ake apita kumunda umene sunaonepo feteleza. Ndipo nandolo sagulitsidwanso tsiku lothyola. Banja litha kudikira mtengo ukwereko, kapena kusunga wina wa ndiwo.

Palinso china chimene sikelo siingayeze. Umphawi umamuchotsa munthu pagulu. Wosauka amazemba kumaliro chifukwa alibe kambale ka ufa kapena kandalama ka chipepeso. Amajomba kutchalitchi kapena kumzikiti chifukwa chovala n'chong'ambika ndipo sopo anatha kalekale. Akapita kukabwereka mchere amauzidwa kuti watha, poti mnzakeyo akudziwa kuti sadzabweza. Akayamba kulandira, mnansi yemweyo amamubwereka, wagolosale amamulemba m'buku, pa msonkhano wa kwa mfumu amakhala kutsogolo n'kulankhula. Paja kupatsa n'kuika, ndipo amene alibe choika anthu amaleka kumupatsa. Ndalamayi imamubwezera munthu pakati pa anthu opatsana. Kwa ine, chimenechi n'chachikulu kuposa mbuzi.

Ndipo musaganize kuti amene sali pa mndandanda sapindula. Agogo sagula katundu ku Blantyre. Ndalama yawo imathera kwa wachigayo, kwa telala, kwa mayi wa zigumu, kwa wa kabaza, pa msika wa Chitakale, wa Limbuli, wa Nkando. Ena mwa olandira, poti alibe mphamvu, amalemba mnyamata wa pamudzi kuti awapangire mizere. Ku Siaya, m'dziko la Kenya, bungwe la GiveDirectly linapereka pafupifupi madola 1,000 ku banja lililonse mwa mabanja oposa 10,000, ndipo akatswiri a zachuma atatsatira ndalamazo anapeza kuti dola iliyonse inakuza chuma cha deralo ndi madola oposa awiri, mabanja osalandira nawonso anapeza bwino, pamene mitengo ya zinthu pa misika inangosuntha pang'ono zedi.

Mfundo yachitatu: n'chifukwa chiyani sitiyenera kumuikira malamulo wolandira?

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tengani makomo atatu oyandikana m'mudzi umodzi. Pa loyamba khoma linagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo akufuna njerwa ndi chofolerera. Pa lachiwiri pali mayi amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, mankhwala amene safuna m'mimba mopanda kanthu. Pa lachitatu onse ali bwino, koma mbewu ya nandolo, mbatata ndi chinangwa inapita ndi madzi. Munthu wokhala mu ofesi ku Lilongwe, ngakhale atakhala wanzeru ndi wachifundo chotani, sangalembe lamulo limodzi lokwanira makomo atatuwa. Akatumiza thumba la feteleza kwa onse, awiri aligulitsa, ndipo aligulitsa motchipa. Tinaziona ndi makuponi kuyambira 2005, tikuzionabe ndi zipangizo zotsika mtengo za masiku ano. Wosauka weniweni amagulitsa mwayi wake kwa venda chifukwa alibe ndalama yoombolera, ndipo njala ili m'nyumba lero, osati pa nthawi yokolola. Ife timamunyoza kuti ndi wopanda nzeru, pamene iye akungosandutsa thandizo lathu kukhala chimene amafunadi, chomwe ndi ndalama, ndipo posandutsapo gawo lalikulu latsala m'thumba mwa venda. Bwanji osangomupatsa ndalamayo yonse?

Komanso lamulo limagwira wofooka. Tikati ndalama zidulidwe mwana akajomba, tidula za yani? Za banja limene mwana wake sanawoloke chifukwa Thuchila wadzaza. Za mtsikana amene akudwazika agogo ake. Amene akufunikira thandizo koposa ndi amene amayamba kugwa pa lamulo.

Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, akatswiri otchedwa Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa njira ziwirizi pa atsikana a msinkhu wa sukulu. Mabanja ena ankalandira pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo. Tinene chilungamo: lamulo linathandiza kwambiri kusunga atsikana m'kalasi. Koma kuchepa kwa mimba ndi maukwati a ana kunaoneka kwa amene ankalandira popanda lamulo, chifukwa mtsikana amene sukulu inamukanika sanasiyidwe chimanjamanja pa nthawi imene umphawi ukanamukankhira kubanja. Ife a kuno, amene tikudziwa mmene atsikana athu akulowera m'mabanja akadali ana, phunziro limenelo ndi lathu.

Nanga mowa? Sindikana kuti alipo bambo amene analandira n'kukathera pa kachasu. Mwina mukumudziwa ndi dzina. Koma mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola tisauike pa anthu. David Evans ndi Anna Popova, akugwira ntchito ku Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, anasonkhanitsa kafukufuku 19 wa ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti mabanja olandira ndalama saonjezera kugula mowa ndi fodya. M'malo ambiri amachepetsa. Woledzera timamuona chifukwa amadzandira pamsewu, pamene amayi ambiri amene agula ufa ndi sopo amangopita kwawo mwakachetechete. Wogwira ntchito ku esiteti kapena m'boma akamwera malipiro ake, palibe amene amanena kuti malipiro athetsedwe kwa onse. Wosauka yekha ndi amene timafuna kumulanga chifukwa cha tchimo la mnzake.

Za ulesi ndiyankha mwachidule. Olandira ambiri ndi okalamba, olumala, odwala matenda a mgonagona, ndi ana olera anzawo. Ndalama imene amalandira siikwana kudyetsa banja mwezi wonse, ndiye munthu angasiye bwanji khasu? Chimene chimachepa ndi ganyu, osati ntchito. Ngati alipo amene akudandaula kuti aganyu akusowa masiku ano, aunike bwino dandaulo lakelo: akudandaula kuti wosauka wapeza mphamvu zokana ndime ya tsiku lonse pa kambale ka madeya.

Mfundo yachinayi ndi yowawa, koma siyenera kubisidwa: ndalamayi ili ndi pamene imalephera.

Imalephera ikachepa. Akafukufuku amati thandizo liyenera kufika pafupifupi 20 pa 100 ya zimene banjalo limadya ndi kugwiritsa ntchito kuti kusintha kuoneke, ndipo ku Salima ndi ku Mangochi zabwino zambiri zinaonekera bwino boma litakweza ndalamazo mu 2015. Koma kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, inachepetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, kenako chilala cha mu 2024 chinakweza mtengo wa chimanga mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mitengo pa msika imakwera sabata ndi sabata, pamene ndalama ya agogo imadikira misonkhano kuti ikwezedwe. Ikatsalira choncho imangothera pa chigayo, nkhuku osagulidwa.

Imalephera ikachedwa. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Ndalama yofika mu Malichi m'malo mwa Disembala ili ngati feteleza wothira chimanga chitamasula kale: wathiradi, thumba latha, koma chisononkho sichikula. Banja likadikira miyezi itatu kapena inayi osadziwa tsiku, limabwerera kwa wakatapila, ndipo ndalama ikadzafika yonse pamodzi imangodutsa m'manja kupita kobweza ngongole. Kumbukirani mawu aja: pa tsiku loyenera. Phindu lalikulu la Mtukula Pakhomo silili pa kuchuluka kwa ndalama kokha, lili pa kudziwa kuti tsiku lakuti ibwera, chifukwa munthu wodziwa tsiku amatha kukonza za mawa.

Imalephera ikaduka msanga. Ku Zomba kuja, patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwino zija zinazimiririka. Choncho tisamafulumire kunena kuti banja latukuka chifukwa taona mbuzi ziwiri. Gogo wa zaka 75 sadzabwerera ku unyamata. Thandizo lake ndi la moyo wonse, ngati penshoni.

Imalepheranso chifukwa olandira ndi ochepa. Ndondomekoyi inakonzedwa kuti ifikire mabanja 10 pa 100 alionse. Koma kafukufuku wa boma wa mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo pafupifupi 20 pa 100 ndi ovutikitsitsa. Ndiye mumapeza makomo awiri ofanana, denga lodontha mofanana, lina lalembedwa, lina ayi. Nsanje imachokera pamenepo, ndipo si nsanje yopanda chifukwa. Pamenepo ndi pamene pamalowanso chinyengo: dzina la m'bale wa wakomiti, dzina la munthu amene anamwalira kale, ndi mchitidwe wouza gogo kuti agaweko "kangachepe" kwa amene anamulemba. A GiveDirectly anayesa njira ina kwa Khongoni ku Lilongwe, ndipo akuiyesanso kwa anansi athu ku Chiradzulu: kupereka ndalama zambiri nthawi imodzi kudzera pa foni, kwa anthu akuluakulu a m'mudzi wonse, osasankha ochepa. Ndalama yotere imafolera nyumba ndi malata, imaombola munda umene unabwereketsedwa, imayambitsa geni. Njira ziwirizi sizilimbana. Ina imasunga khomo mwezi ndi mwezi, ina imapatsa banja lamphamvu poyambira. Tiyenera kutsatira mwachidwi zimene zituluke ku Chiradzulu.

Ndipo pali zimene ndalama ya m'manja singachite konse. Singakuze munda. Singamange mlatho umene napolo anakokolola, singaike mankhwala m'chipatala, singalembe mphunzitsi. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa kuno mpaka alimi kulira, ndipo palibe Mtukula Pakhomo amene akanaletsa zimenezo. Boma lisabisale kumbuyo kwa ndalamayi n'kuiwala ntchito zake zina. Lisaiwalenso kuti gawo lalikulu la thumbali likuchokera kwa abwenzi akunja: Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, European Union, Germany ndi Ireland. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku limene abwenziwo adzasinthe maganizo, agogo a kwa Juma adzayang'ana kwa ife, ndipo bajeti ya dziko lino iyenera kuyamba kusenza katunduyu tsikulo lisanafike.

Tsono ndili ndi zopempha, ndipo ndizipereka kwa eni ake. Mafumu athu, inu ndi amene mukudziwa khomo limene moto sunayake dzulo. Mayina aziwerengedwa pa bwalo, anthu onse akumva, ndipo aliyense wopempha gawo kwa wolandira muzimuitanitsa pa mlandu, ngakhale atakhala mphwanu. A makomiti, munasankhidwa kuti muteteze ofooka. Dandaulo likafika kwa inu lifikenso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, lisathere m'thumba. Alangizi, pitani pa makomo a olandira musanapite kwa alimi ochita bwino. Perekani uphungu wa mbewu, wa manyowa, wa katemera wa chitopa, koma chogula asankhe okha. Abusa ndi mashehe, letsani mawu onyoza olandira, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene mukulandira, musachite manyazi. Si mphatso ya chipani kapena ya munthu, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wokulandani ngakhale tambala.

Pomaliza, makhansala ndi akuluakulu a ku khonsolo, nyamulani pempho ili kukalitula kwa aphungu athu ndi ku unduna: ndalama ya Mtukula Pakhomo izikwera mtengo wa chimanga ukakwera, masiku olandira azilengezedwa chaka chisanayambe, ndipo ya miyezi ya dzinja izifika m'manja mwa anthu Novembala asanathe, kupalira kusanayambe. Pa msonkhano wotsatira wa khonsolo tikufuna tidzamve kuti pempholi linaperekedwa kwa yani, ndipo anayankha chiyani.